Kuchokera pa Thangata Kufika pa Mdadada: Mbiri ya Lendi Kwathu Kuno

Masiku ano munthu akangogwira kandalama kochulukirapo, kaya ndi penshoni, kaya nandolo wayenda bwino, kaya mwana watumiza kuchokera ku Joni, anzake amathamangira kumuuza kuti, "Mangani nyumba za lendi, ndalama izikupezani muli khale." Pa Milepa pano, kuseri kwa magolosale ndi m'mbali mwa msewu, midadada ya zitseko zitatu kapena zinayi ikuphuka chaka ndi chaka. Ine ndine mmodzi wa eni midadadayo. Wangawo ndinamanga nditapuma ntchito ya uphunzitsi, ndipo achinyamata amabwera kudzandifunsa poyambira pake. Ndisanawauze za simenti ndi malata, ndimayamba ndawakumbutsa kuti kuno ku Chiradzulu nkhani ya lendi inakhetsa mwazi, ndipo amene akufuna kutchedwa landilodi ayenera kudziwa mpando umene akukhalapowo.

Makolo athu sankadziwa zolipira pogona. Mlendo akafika m'mudzi ankapita kwa amfumu, amfumu n'kumulozera malo. Anthu ankamuthandiza kudula mitengo, kuphoma ndi kufolera udzu, ndipo pakutha sabata zingapo utsi unkafuka m'nyumba yatsopano. Anyamata ankagona m'mphala, mkamwini ankamanga kwawo kwa mkazi. Nyumba yoteroyo inalibe mtengo woti n'kugulitsa kapena kubwereketsa, chifukwa zomangira zonse zinali m'tchire ndipo malo anali a mbumba.

Zinthu zinatembenuka dziko lino litalowa m'manja mwa Angerezi mu 1891. Bwanamkubwa Harry Johnston anayamba kupereka kwa azungu zikalata zotsimikiza kuti malo amene ankati anagula kwa mafumu ndi awodi. Alexander Low Bruce, mkamwini wa David Livingstone, anatenga dera la Magomero, maekala pafupifupi 169,000, ndipo woyang'anira malowo anali William Jervis Livingstone. Zikalatazo zinkati midzi imene inalipo kale isasokonezedwe. Koma kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1890, Alomwe ambirimbiri anayamba kuwoloka kuchokera ku Mozambique pothawa nkhanza za Apwitikizi ndi njala. Iwowa lamulo lija silinkawateteza. Amene anakhazikika pa esiteti anauzidwa kuti malo ali ndi mwini, ndipo lendi yake ndi ntchito. Ameneyo ndiye thangata: mwezi umodzi kugwirira malo okhala, mwezi wina kugwirira msonkho wa nyumba.

Agogo anga aakazi, amene makolo awo anali m'gulu la owolokawo, ankati chowawa kwambiri sichinali khasu ayi, koma kuwerenga kwa masiku. Munthu ankapatsidwa chitupa choti kapitawo azichonga dzuwa likapendeka. Ukalephera kumaliza ndime imene wakuyezera, tsikulo silinkachongedwa, ngakhale utagwira kuyambira mbandakucha. Mwezi umodzi unkatha kutalika mpaka sabata zisanu ndi imodzi kapena kuposa. Ntchitoyo inkafunidwa m'dzinja, nthawi imene munda wako ukufuna kupalira, ndiye iwe uli m'thonje la mzungu, chimanga chako chikumira m'udzu. Ukawiringula, chikoti, ukakana, nyumba yako inkagwetsedwa kapena kutenthedwa. Agogo akafika pamenepa ankayamba kuwerenga zala ngati akuchonga chitupa chija, n'kunena kuti, "Mwezi wa mzungu unalibe mapeto."

M'busa John Chilembwe, amene anatsegula mishoni ya Providence Industrial Mission ku Mbombwe mu 1900, ankaona zonsezi ndi maso ake, pakuti ambiri mwa akhristu ake ankakhala pa malo a Bruce. Matchalitchi audzu amene anthu ake ankamanga pa esitetipo ankatenthedwa. Usiku wa pa 23 Januwale 1915 anthu ake anaukira Magomero ndi kupha William Jervis Livingstone. Chilembwe naye anaphedwa pa 3 Febuluwale chaka chomwecho. Bungwe limene boma la atsamunda linakhazikitsa kuti lifufuze za kuukirako linavomereza kuti anthu a pa malo a Bruce ankazunzidwa. Komabe thangata sanathe. Lamulo la 1928 linangolola kuti munthu azitha kulipira ndi ndalama, pafupifupi paundi imodzi pachaka, kapena ndi mbewu, kapena ndi ntchito, ndipo linachepetsako mphamvu yothamangitsa anthu mwachisawawa. Mu 1946 Sidney Abrahams atafufuza nkhani ya malo, analangiza boma kuti ligule malo a maesiteti amene sankalimidwa. Boma linayamba kugula pang'onopang'ono, kuphatikizapo gawo lalikulu la Magomero, mpaka thangata anathetsedwa ndi lamulo mu 1962.

Lendi ya nyumba monga tikuidziwa lero inakulira m'tauni. Anthu a kwathu kuno amene ankapita kukagwira ntchito ku Limbe ndi ku Blantyre ankafikira m'tizipinda ta ku Ndirande, Bangwe ndi Zingwangwa. Bungwe la Malawi Housing Corporation, limene linakhazikitsidwa mu 1964, linkamanga nyumba zobwereketsa komanso kugawa mapoloti oti anthu azimangapo okha. Mwini poloti ankamanga yake kutsogolo, kumbuyo n'kundandalika zipinda za alendi, onse bafa limodzi ndi chimbudzi chimodzi. Luso la mdadada linachokera kumeneko, ndipo obwerera kumudzi anabwera nalo.

Ndalama zomangira zinkachokera kutali. Amuna opita ku migodi ya ku Joni kudzera ku Wenela ankalandira gawo la malipiro awo atabwerera kuno, ndipo chinthu choyamba kugula chinali malata, njinga ndi makina osokera. Ulendowo unaimitsidwa mu 1974 ndege itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kwawo. Unayambiranso mu 1977 kudzera ku Theba, n'kudzatheratu mu 1988. M'zaka zomwezo za m'ma 1970 boma la Kamuzu Banda linalamula amwenye kuti achoke m'misika ya kumidzi akachite malonda m'mizinda. Masitolo amene anawasiya anagwera m'manja mwa Amalawi, ena kugula, ena kuchita lendi, ndipo anthu anayamba kuona kuti khoma la njerwa pamalo a malonda limabala ndalama.

Chimene chinadzaza midadada ya pamisika ngati pa Milepa ndi antchito a boma. Mu 1994 boma la Bakili Muluzi litayambitsa sukulu yaulere ya pulayimale, ana anachuluka kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa 3 miliyoni. Aphunzitsi zikwizikwi analembedwa mwachangu, koma nyumba za pasukulu zinali zomwe zija, ya ahedi ndi zina ziwiri kapena zitatu. Ine ndinali m'kalasi nthawi imeneyo, ndipo ndinkaona aphunzitsi atsopano akutsika basi ndi chikwama ndi mphasa, n'kuyamba kuyenda khomo ndi khomo kufunsa pogona. Kenaka kunabwera masekondale oyendera, ana ochokera kutali n'kumadzipezera tizipinda pafupi ndi sukulu. Mu 2001 bungwe la Médecins Sans Frontières linayamba kupereka ma ARV m'boma lino, ntchitoyo n'kufalikira m'zipatala zing'onozing'ono kuphatikizapo cha pa Milepa, ndipo antchito a zaumoyo anawonjezeka. Onjezanipo apolisi, alangizi a zaulimi, ogula nandolo ndi anyamata a kabaza. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 350,000 m'boma la Chiradzulu, limodzi mwa maboma othithikana kwambiri m'dziko muno. Malo achepa, ofuna pogona achuluka.

Tsono inu amene mukufuna kuyamba, mbiri imeneyi ili ndi zokuuzani.

Yambani ndi malo, pakuti nkhondo zonse za kuno zinayambira pamenepo. Kwathu ndi kwa chikamwini, nthaka imayenda m'mimba ya amayi. Ndinaona bambo wina, wolimbikira ntchito, atathira penshoni yake yonse pa zipinda zisanu pamalo a kwawo kwa mkazi wake. Mayiwo atamwalira, maliro asanazizire n'komwe, amalume a ana anakhala pansi pa mtengo wa mango n'kumuuza mwaulemu kuti, "Achimwene, ntchito mwagwira, koma dothili si lanu." Bamboyo anachoka ndi sutikesi. Musanakumbe maziko, khalani pansi ndi mwini mbumba, amfumu ndi mboni za mbali zonse. Ngati mukugula poloti, wogulitsayo asakhale yekha. Abale ake avomereze pamaso pa anthu, malire ayendedwe, ndipo zonse zilembedwe ndi kudindidwa. Lamulo la malo a makolo la 2016, limene linakonzedwanso mu 2022, limalola kulembetsa malo otere, choncho pitani ku ofesi ya za malo kwa DC mukafunse ndondomeko yake. Lembaninso wilo. Lamulo la 2011 la chuma cha masiye limati kulanda katundu wa amasiye ndi mlandu, koma pepala lanu ndi limene lidzapulumutse ana anu ku mikangano.

Kenaka werengerani mofatsa. Tingoyerekeza kuti mwamanga zipinda zinayi ndi K10 miliyoni ndipo chilichonse chikulipidwa K20,000 pamwezi. Pachaka ndi K960,000, ngati zonse zili ndi anthu ndipo palibe wozemba. Chotsanipo miyezi imene chipinda chikhale chopanda munthu, laimu, maloko, kukonza denga ndi msonkho wa ku MRA. Mupeza kuti ndalama yanu idzabwerera patapita zaka zoposa khumi. N'chifukwa chake sindilola mwana wanga aliyense kumanga ndi ndalama ya katapila, ngakhalenso ya banki mkhonde imene imafuna kubwezedwa pa miyezi yowerengeka. Mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti. Simenti ndi malata zinakwera sabata yomweyo, koma malipiro a mphunzitsi wokhala m'nyumba mwanu sanakwere nawo. Mangani ndi ndalama imene muli nayo, zipinda ziwiri kaye, mumalize, mulowetse anthu, zinazo zibwere pambuyo. Makoma ofika pa linta amene akhala zaka akunyowa ndi mvula alipo ambiri m'midzi muno, ndipo sanabweretsepo tambala.

Mangirani anthu amene alipo. Nyumba ya zipinda zogona zinayi ndi matailosi ingasangalatse maso, koma pa Milepa woilipira ndi wosowa. Namwino kapena mphunzitsi amafuna chipinda ndi balaza, chitseko cholimba, mawindo a zitsulo, khonde lophikirapo, mjigo wapafupi ndi chimbudzi chaukhondo. Ngati pali magetsi, yesetsani kuti khomo lililonse likhale ndi mita yake, chifukwa mayunitsi ogawana adanitsa anthu ambiri. Pa maziko musaumire. Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anakokolola mudzi wa Ntauchira m'boma lomwe lino, ndipo m'midzi yambiri nyumba za zidina ndi zomangira dothi zinagwa. Pewani kumanga m'dambo ndi m'njira ya madzi, kwezani maziko, thirani mankhwala a chiswe, ndipo denga litulukire kunja kuti mvula isamenye khoma.

Chachikulu pa zonse ndi pangano. Chimene chinkaliza agogo anga chinali chakuti mwini malo yekha ndiye ankadziwa kuwerenga, ndipo ankasintha mawu pamene wafunira. Inu musatero. Tsiku lolowa, khalani pansi ndi mlendi wanu pamaso pa mboni, mulembe mtengo, tsiku lolipira, wokonza zowonongeka, ndi nthawi yodziwitsana wina akafuna kuchoka kapena kukweza lendi. Aliyense asunge pepala lake. Ine ndili ndi kope lachikuto cholimba, khomo lililonse tsamba lake; munthu akalipira timasaina tonse awiri, ndipo akatumiza pa Airtel Money kapena Mpamba ndimalemba nambala ya uthengawo. Lendi ya chipinda chimodzi pa miyezi ingapo ndimaiika padera kuti denga likadontha ndisayambe kupempha.

Malipiro a boma nthawi zina amachedwa, ndipo wa geni amakhala ndi miyezi yowuma, makamaka Januwale ndi Febuluwale. Munthu amene wakhala akulipira bwino akabwera yekha kudzapepesa, mumvereni; mlendi wokhulupirika ndi wovuta kumupeza kuposa lendi ya mwezi umodzi. Amene akuzemba dala, muuzeni polemba, itanani mboni zija, pitani kwa amfumu, zikakanika kukhoti. Kuzula chitseko, kufwamula malata kapena kutaya katundu wa munthu pabwalo ana ake akuona ndi zomwe ankachita akapitawo a pa esiteti, ndipo mdzukulu wa anthu amene anagwira thangata sayenera kuzichita kwa mnzake. Musalowe m'nyumba mwa mlendi iye kulibe, musamutume ngati wantchito wanu, ndipo ana asukulu a atsikana amene makolo awo akusungitsani muwasamale ngati anu. M'bale wanu akafuna chipinda, muuzeni poyera kuti mukumuthandiza kwa miyezi ingati kapena azilipira ngati ena onse, chifukwa zongoganizirana zimatha ndi udani.

Nyumba ya lendi silemeretsa msanga, koma yomangidwa pamalo opanda mkangano, ndi ndalama yopanda ngongole, n'kuyendetsedwa mwachilungamo, imadyetsa munthu mpaka ukalamba ndi kuphunzitsa adzukulu. Makolo athu analipira pogona ndi thukuta ndi misozi kwa zaka zoposa 60 thangata asanathe. Lero makiyi ali m'manja mwathu. Inu amene mukukonzekera kuumba njerwa chilimwe chino, konzani za malo, lembani pangano, ndipo munthu wokhala m'nyumba mwanu mumupatse ulemu umene agogo athu anamanidwa.