Za Uta, Njinga ndi Amisiri a ku Mtendere

Angoni a Zwangendaba asanawoloke Zambezi m'chaka cha 1835, ndiponso kwa zaka zambiri pambuyo pake, Mchewa kapena Mnsenga sankapita kutali ndi mudzi wopanda uta m'manja ndi phodo kumsana. Ndipo popeza chida choyenda nacho tsiku ndi tsiku sichilephera kuwonongeka, panali anthu amene ankadziwika ndi luso lochikonza. Uta mwini wake ankatha kudzisemera, nsinga nayonso ankadzipotera, koma nsonga ya muvi inali ntchito ya wosula, munthu wa mvukuto ndi chipala, amene ankafungatira moto kuyambira mbandakucha kufikira chitsulo chitamvera. Alenje ena ankapaka mivi yawo ulembe wa kombe, chomera chomwe John Kirk, mnzake wa Livingstone, anachifufuza m'chigwa cha Shire. Motero muvi sunali choseweretsa ana.

Tsono nsonga ikasulidwa mwaulesi, nikapindika kapena kuguluka pabango njati ili pafupi, cholakwa cha mmisiri chinkalipidwa ndi mwazi wa mwini uta. Koma chimene chinkamusunga wosula m'njira yowongoka sichinali chisoni chokha ayi. Iye ankakhala m'mudzi momwemo, kawirikawiri ali mkamwini wodya nsima ya eni mudzi, ndipo akakana kubwereza ntchito imene waiwononga, nkhani inkafika pabwalo la mfumu, pamene akuluakulu ankatha kumugamula nkhuku kapena mbuzi, iye ataweramitsa mutu pamaso pa apongozi ake. Kothawira kunalibe.

Mfuti za Angerezi zitagonjetsa Mpezeni, mfumu ya Angoni, mu 1898, uta unayamba kutsika ulemu, kufikira unatsala m'manja mwa anyamata osaka mbalame. Msonkho unatulutsa amuna m'midzi, ndipo Lusaka atasanduka likulu la dziko mu 1935, makamakanso ufulu utabwera mu 1964, anthu a kummawa anakhamukira mumzindawu miyandamiyanda. Komboni ya Mtendere, mu Lusaka momwemo, inayamba cha m'ma 1967, pamene boma linagawa malo kuti aliyense adzimangire yekha nyumba, ndipo pakati pa omangawo panali zidzukulu za osula aja. Dzanja lozolowera nyundo silikhala chabe: ena anayamba kukhoma mbaula ndi zidebe, ena kukonza njinga, mawotchi ndi mawailesi, ndipo kufikira lero woyenda mumsewu wa Alick Nkhata, cha ku Kalingalinga, amaona moto wa owotcherera zitseko ndi mawindo ukuthetheka m'mbali mwa njira.

Nyengo imene inawakweza amisiriwa, ndi imenenso inawaphunzitsa tchimo lawo lalikulu, inali ya kusowa. Ian Smith atatseka malire a Rhodesia mu 1973, mtengo wa mkuwa n'kugwa mu 1975, zipangizo zatsopano zinasowa m'masitolo, ndipo chinthu chilichonse chinayenera kukonzedwa kawiri, katatu, kufikira chitatheratu. Pamenepo panaoneka nzeru zoti tizigomere, pakuti chubu chimodzi chinkamatidwa zigamba mpaka mwini wake kuiwala mtundu wake woyamba. Koma pomweponso panabadwa chizolowezi chochotsa chitsulo chabwino m'wailesi ya uyu ndi kuchiika m'wailesi ya uyo, mwini woyambayo n'kumangouzidwa kuti matenda a wailesi yake ndi aakulu. Munthu ankafika pansi pa mtengo wa mango madzulo, atatopa ndi ntchito ya m'mayadi a ku Kabulonga, napeza njinga yake ili chagada, gudumu lakutsogolo palibe, tcheni chili m'chitini cha mafuta akuda. "Amisiri, nanga njinga yanga ija?" Mmisiri, osakweza ngakhale maso, ankayankha kuti, "Pepani atate, masipoko sanapezeke, bwerani Loweruka." Loweruka limenelo ena analidikira mpaka mvula kugwa.

M'masiku a chipani chimodzi wodandaula ankapita kwa tcheyamani wa UNIP wa m'dera lake, ndipo ngakhale anthu amenewa anali ndi zolakwa zawo zambiri, pa nkhani iyi ankagwira ntchito ya mfumu ya kumudzi, chifukwa ankadziwa khomo la mmisiri aliyense. Chipanicho chitagwa mu 1991, mphamvu imeneyo inazilala. Lero kuli lamulo la 2010 loteteza ogula, kulinso khoti la milandu ing'onoing'ono kumene munthu amadziyankhulira yekha popanda loya. Koma zonsezi zimafuna umboni, pamene ntchito zambiri za m'komboni zimapanganidwa pakamwa, ndipo wokonza mafoni amene wachita lendi kakhumbi pamsika mwezi uno akhoza kupezeka ali ku Chawama mwezi wamawa. Akale anati muvi woyang'anira suchedwa kulowa m'maso, ndipo ambiri mwa ife timaona ndithu kuti munthuyu ndi mlendo pamalopo, komabe timamusiyira katundu chifukwa mtengo wake watsika.

Amisiri okhulupirika alipo ambiri mu Mtendere, ndipo amadziwika ndi zaka zimene akhala pamalo amodzi. Inu awerengi, musanasiye foni kapena njinga yanu, funsani oyandikana naye kuti anabwera liti, ndipo mumupemphe akulembereni kapepala konena chimene mwasiya, mtengo wake, ndi tsiku lodzatenga.