Mabokosi a mawu achinsinsi ndi mapulogalamu owerengera anthu osaona

Bokosi la mawu achinsinsi ndi malo a pa fomu ya pa intaneti pomwe munthu amalemba pasiwedi yake. Zilembo zolembedwa m'bokosili sizioneka. M'malo mwake pamabwera timadontho kapena tinyenyezi. Anthu osaona amagwiritsa ntchito mapulogalamu otchedwa screen reader, omwe amawerenga mokweza zomwe zili pa sikirini kapena kuzitumiza ku kachipangizo ka zilembo za Braille. Mapulogalamuwa akafika pa bokosi la pasiwedi amasiya kutchula zilembo, kuti munthu amene ali pafupi asamve chinsinsicho. Koma chitetezo chomwechi chimalepheretsanso mwini wake kutsimikiza ngati walemba molondola.

Momwe pulogalamu imalizindikirira

Masamba a pa intaneti amalembedwa mu HTML. Wopanga tsamba akafuna bokosi lobisa zilembo amalemba input type="password", ndipo mtundu wa bokosi umenewu unalimo kale mu HTML 2.0 ya mu 1995. Screen reader siona timadontho tija. Imadalira zomwe browser yaiuza kudzera mu njira yomwe kompyuta kapena foni ili nayo yopatsirana uthenga ndi zipangizo zothandizira anthu a ulumali. Pa Windows, browser imaika pa bokosilo chizindikiro chakuti ndi lotetezedwa, pomwe pa macOS ndi Linux bokosilo lili ndi dzina lakelake lolisiyanitsa ndi mabokosi ena olembamo. Browser siipatsa screen reader zilembo zenizeni zomwe zili m'bokosimo, imangoipatsa zizindikiro zozibisa.

Zomwe munthu amamva

Mapulogalamu odziwika kwambiri pa kompyuta ndi JAWS ya kampani ya Freedom Scientific, yomwe idatuluka pa Windows mu 1995. NVDA, yaulere, yomwe idayamba ku Australia mu 2006. Ndi VoiceOver ya Apple, yomwe idabwera pa Mac mu 2005. Iliyonse imayamba ndi kutchula dzina la bokosi, kenako mtundu wake. M'Chingerezi NVDA imawonjezera liwu lakuti "protected", JAWS imati "password", ndipo VoiceOver imati "secure".

M'mabokosi wamba, munthu angathe kusankha kuti pulogalamu izitchula chilembo chilichonse chomwe wadina. M'bokosi la pasiwedi, JAWS ndi NVDA zimangoti "star" pa chilembo chilichonse, pomwe VoiceOver ya pa Mac imatulutsa kaphokoso kosonyeza kuti batani ladinidwa. Munthu akabwerera m'mbuyo kuti amve zomwe walemba, amatha kuwerenga kuchuluka kwa zilembo koma sangadziwe kuti ndi zilembo ziti. Akaphonya batani limodzi, kapena batani la Caps Lock likakhala loyatsa, amazindikira pokhapokha tsamba litamukana. Masamba ambiri, makamaka a mabanki, amatseka akaunti munthu akalephera kangapo, choncho cholakwika chaching'ono chingathe kumutsekera kunja kwa akaunti yake.

Pa foni za m'manja

Pa foni yopanda mabatani vutoli limakula, chifukwa munthu wosaona amapeza chilembo poyendetsa chala pa sikirini n'kumamvetsera. Pulogalamu ikapanda kutchula zilembo, kulemba kumavuta kwambiri. TalkBack ya pa Android ili ndi malo osankhira ngati izitchula zilembo za pasiwedi nthawi zonse kapena ayi. Munthu akasankha ayi, zilembozo zimamveka pokhapokha atalumikiza mahedifoni. N'chifukwa chake anthu osaona amalangizidwa kuvala mahedifoni akamalowa mu akaunti ali pagulu.

Batani loonetsa mawu achinsinsi

Mafomu ambiri ali ndi batani loonetsa pasiwedi, lomwe nthawi zambiri limakhala ndi chithunzi cha diso. Likadinidwa, bokosilo limasanduka bokosi wamba, ndipo screen reader imatha kuwerenga zilembo zonse. Iyi ndi njira yodalirika yoti munthu wosaona atsimikize zomwe walemba. Bungwe la NIST la ku America, mu malangizo ake a mu 2017 otchedwa SP 800-63B, lidalimbikitsa kuti batani lotere lizikhalapo. Kuti lithandize, liyenera kukhala ndi dzina lomwe pulogalamu ingawerenge, kufikirika ndi kiyibodi, komanso kulengeza ngati pasiwedi ikuoneka kapena yabisika. Likapanda kulengeza, munthu angasiye pasiwedi yake poyera pa sikirini iye osadziwa.

Zolakwika za opanga masamba

Cholakwika choopsa kwambiri ndi kutenga bokosi wamba n'kulijambulira timadontho. Kwa woona limaoneka lotetezedwa, koma screen reader siidziwa kuti ndi la chinsinsi, ndipo ingathe kutchula mokweza chilembo chilichonse chomwe chadinidwa. Muyezo wa WAI-ARIA, womwe umathandiza kufotokozera screen reader ntchito ya zinthu za pa tsamba, ulibe dzina la bokosi la pasiwedi, choncho njira yotetezeka ndi kugwiritsa ntchito bokosi lenileni la HTML.

Zolakwika zina ndi kusiya bokosi lopanda dzina, kulemba malamulo a pasiwedi pamalo osalumikizidwa ndi bokosilo, ndi kusonyeza mphamvu ya pasiwedi ndi mtundu wofiira kapena wobiriwira popanda mawu. Malamulo amalumikizidwa ku bokosi ndi aria-describedby, ndipo uthenga wosinthasintha umalengezedwa ndi aria-live.

Miyezo ya W3C

Malangizo a WCAG, omwe amatulutsidwa ndi bungwe la W3C, amafuna kuti mabokosi akhale ndi dzina kapena malangizo, ndiponso kuti cholakwika chifotokozedwe m'mawu. WCAG 2.2 ya mu Okutobala 2023 idawonjezera mfundo 3.3.8, yomwe imati polowa mu akaunti munthu asakakamizidwe kuloweza kapena kukopera zilembo pamanja popanda njira ina yomuthandiza. Kulola kumata pasiwedi m'bokosi, komanso kulola mapulogalamu osunga mapasiwedi kuti adzaze okha fomu, ndi zina mwa njira zokwaniritsira mfundoyi. Njirazi zimathandiza kwambiri anthu osaona chifukwa safunikanso kulemba zilembo zomwe sangazimve.