Womasulira Wobisika Kumbuyo kwa Mzere wa pa Kiliniki

Aliyense amene anakhalapo pabenchi ya kiliniki m'komboni mwathu amawadziwa mawu aja: "Dikirani pang'ono, system yachedwa." Khadi ili m'manja, mwana akulira kumsana, a nasi maso ali pa kompyuta. Pa nthawi imeneyo pulogalamu imakhala ikufunsa nkhokwe ya deta kuti: munthu uyu ndani, anabwera liti komaliza, anapatsidwa mankhwala ati? Kafunsidwe kameneka kali ndi mbiri ya zaka zopitirira 50.

Mu 1970, Edgar Codd, Mngelezi amene ankagwira nchito ku IBM ku California, anapereka ganizo lakuti deta izisungidwa m'matebulo, monga rejisitala ya kusukulu: mzere uliwonse munthu mmodzi, danga lililonse nkhani imodzi. Mu 1974 anzake a pakampani yomweyo, Donald Chamberlin ndi Raymond Boyce, anapanga chinenero chofunsira matebulowo, chimene lero timachitcha SQL. Ubwino wake ndi wakuti umangokamba zimene ukufuna, makina n'kudzipezera okha njira.

Koma olemba mapulogalamu anali atatenga kale msewu wina. Ku Oslo, m'dziko la Norway, Ole-Johan Dahl ndi Kristen Nygaard anatulutsa chinenero cha Simula 67, mmene chilichonse chimaonedwa ngati object, chinthu chimodzi chonyamula mbiri yake ndi zochita zake. Java, imene inatuluka mu 1995, ndiponso C# ndi Python, zinatengera maganizo amenewa.

Vuto linabadwira pamenepo. Mu pulogalamu, mayi wapakati ndi munthu mmodzi wathunthu. Mu database ali zidutswazidutswa: dzina tebulo iyi, masiku a sikelo tebulo ina, zotsatira za magazi inanso. Pamene JDBC inabwera mu 1997, wolemba Java ankalemba SQL pamanja mkati mwa pulogalamu, yankho likabwera n'kumalumikiza zidutswazo yekha. Akalakwitsa chilembo chimodzi, ankadziwa pulogalamu ikuyenda kale. Choopsa kwambiri, akangomata mawu amene munthu wataipa pa funso lake, wakuba ankatha kulowetsamo lamulo lake n'kutulutsa zinsinsi za anthu. Umbava umenewu ndiwo SQL injection.

Choncho panafunika womasulira. Mu 2001 Gavin King wa ku Australia anayamba Hibernate, imene imasandutsa ma object kukhala mizere ya m'tebulo, ndi kubweza mizere kukhala ma object. Zida zotere zimatchedwa ORM. Ruby on Rails mu 2004 ndi Django mu 2005 zinabwera ndi omasulira awoawo. Mu 2007 Microsoft inaika LINQ mu C#, kuti funso lizilembedwa m'chinenero chomwecho ndipo zolakwa zambiri zizigwidwa pulogalamu isanayambe.

Musaganize kuti izi ndi nkhani za kunja chabe. Cha pakati pa zaka za m'ma 2000, makiliniki a boma a mu Lusaka pamodzi ndi UTH analumikizidwa pa ZEPRS, pulogalamu yosunga mbiri ya azimayi apakati ndi makanda, kuti mayi akatumizidwa ku chipatala chachikulu mbiri yake akaipeze komweko. SmartCare, imene Unduna wa Zaumoyo unapanga mothandizana ndi CDC ya ku America, inabweretsa khadi yonyamula mbiri ya wodwala. Ndipo DHIS2, mmene undunawu umasonkhanitsira ziwerengero zochokera ku Matero, Chawama, Mtendere mpaka ku Lundazi, inalembedwa mu Java ndipo imagwiritsa nchito Hibernate. Oisamalira ali pa yunivesite ya Oslo, mzinda womwe uja kumene ma object anabadwira.

Komabe womasulira wabwino amakuiwalitsa kuti pali chinenero china. Tinene kuti mwalemba mizere itatu ya Django yoonetsa azimayi 500 ndi kiliniki ya aliyense. Ikuoneka yaudongo. Koma kuseri, ORM ikhoza kufunsa kamodzi kuti ipeze mndandanda wa azimayi, kenaka kamodzikamodzi pa mayi aliyense: mafunso 501 m'malo mwa limodzi. Zili ngati kutuma mwana ku kantemba maulendo 500, aliyense kukagula mtengo umodzi wa machisi. Pa laputopu yanu, yokhala ndi maina khumi oyesera, simudzaona kanthu. Pa netiweki yofooka, magetsi atangobwera pambuyo pa load shedding, ndi mzere umene umatalika panja.

Kumbukirani kolera imene inayamba mu Okutobala 2017 ku Chipata ndi ku Kanyama. Masiku ngati amenewo, funso lakuti "odwala atsopano ndi angati, achokera kuti" limafunika yankho lero lomwe, chifukwa ndilo limauza akuluakulu kopita ndi klorini ndi matanki a madzi.

Ndiye iwe mnyamata kapena mtsikana amene ukuphunzira Django kapena Laravel pa YouTube ndi ma bundle a usiku, gwiritsa nchito ORM, inapangidwira kukupeputsira katundu. Koma phunziranso SQL. Tsegula log uone mafunso amene pulogalamu yako ikutumiza, uwawerenge mmodzimmodzi. Mwina tsiku lina amene adzakhale pabenchi kudikira yankho la funso lako ndi amayi ako.