Kugwirizanitsa impedance ya ampulifaya ya gitala ndi bokosi la masipika

Kugwirizanitsa impedance ndi kusankha ndi kulumikiza masipika m'njira yoti magetsi amene akukoka kuchokera ku ampulifaya akhale pa mlingo umene ampulifayayo inapangidwira. Impedance imayezedwa m'ma ohm, ndipo chizindikiro chake ndi Ω. Masipika ambiri a gitala amakhala a ma ohm 4, 8 kapena 16, ndipo nambalayi imalembedwa kumbuyo kwa sipika, pabokosi, komanso pafupi ndi malo olowetsapo nthambo kumbuyo kwa ampulifaya. Manambala a mbali ziwirizi akasemphana, mawu amachepa kapena kuipa, ndipo nthawi zina ampulifaya imapsa. Lamulo loyenera kutsatira limasiyana malinga ndi mtundu wa ampulifaya: ya mavalavu imafuna nambala yofanana ndendende, pamene ya mathiranzisita imafuna kuti nambala isatsike kupitirira malire ake.

Tanthauzo la impedance

M'kati mwa sipika muli koyilo ya waya wopyapyala imene ili pakati pa maginito ndipo ndi yomatidwa ku pepala lolimba looneka ngati mbale. Magetsi ochokera ku ampulifaya akamadutsa m'koyiloyi, imayenda kutsogolo ndi kumbuyo, pepala lija limakankha mpweya, ndipo mawu amamveka. Sipika ya mtundu umenewu inafotokozedwa mu 1925 ndi Chester Rice ndi Edward Kellogg a ku United States, ndipo ndi imene ikugwiritsidwabe ntchito m'mabokosi a gitala.

Koyilo simalola magetsi kudutsa mmene angafunire, imawatchinga pang'ono. Kutchinga kumeneku, pa magetsi osinthasintha mbali ngati a nyimbo, ndi kumene kumatchedwa impedance. Mawuwa anawayambitsa Oliver Heaviside wa ku England mu 1886, ndipo dzina lakuti ohm linachokera kwa Georg Simon Ohm wa ku Germany, amene anasindikiza lamulo lake la magetsi mu 1827.

Lamulo la Ohm limati magetsi odutsa, amene amayezedwa m'ma ampere, amapezeka pogawa ma volt ndi ma ohm. Ampulifaya ikamatulutsa ma volt 20, sipika ya ma ohm 8 imakoka ma ampere 2.5 ndipo imalandira ma watt 50. Ya ma ohm 4 imakoka ma ampere 5, ma watt 100. Ya ma ohm 2 imakoka ma ampere 10, ma watt 200. Choncho nambala ya ma ohm ikamachepa, ntchito ya ampulifaya imakula. Apa ndi pamene ophunzira ambiri amasokonezeka, poganiza kuti nambala yaing'ono ndiye katundu wopepuka.

Nambala yolembedwa pa sipika ndi yongoyimira. Impedance yeniyeni imasintha malinga ndi kukwera kapena kutsika kwa mawu: imakwera kwambiri pa liwu limodzi lotsika limene pepala limanjenjemera mosavuta, imatsika pa mawu apakati, kenako imakweranso pang'onopang'ono pa mawu okwera.

Ampulifaya ya mavalavu

Mavalavu ndi timabotolo tagalasi totentha timene timakuza mawu pogwiritsa ntchito ma volt mazanamazana koma magetsi odutsa ochepa. Sipika imafuna zosiyana ndi zimenezi, ma volt ochepa ndi magetsi odutsa ambiri. Pakati pa ziwirizi pamakhala thiransifoma, imene imasandutsa ma ohm ochepa a sipika kuti mavalavu aziwaona ngati ma ohm masauzande angapo. Kusandutsaku kumadalira kuchuluka kwa mizere ya waya mbali zonse ziwiri: ngati mbali ya mavalavu ili ndi mizere yochuluka ka 20 kuposa mbali ya sipika, impedance imachulukitsidwa ka 400, moti sipika ya ma ohm 8 imaoneka ngati ma ohm 3,200.

N'chifukwa chake maampulifaya ambiri a mavalavu amakhala ndi malo angapo olowetsapo nthambo, kapena batani losankhira 4, 8 ndi 16. Ena amakhala ndi nambala imodzi yokha. Mwachitsanzo, Fender Twin Reverb ili ndi masipika awiri a ma ohm 8 amene pamodzi amapanga ma ohm 4.

Bokosi likakhala ndi ma ohm ochepa kuposa amene asankhidwa, mavalavu amagwira ntchito mopyola ndipo amatha msanga. Likakhala ndi ma ohm ochuluka kwambiri, ma volt a m'thiransifoma amadumpha n'kukwera mpaka angathe kuboola utoto wotchinga mawaya ake. Choopsa koposa ndi kuimba gitala pa ampulifaya ya mavalavu popanda sipika, kapena nthambo ya sipika itaduka, chifukwa mphamvu imasowa kolowera n'kuwononga thiransifoma, chimene ndi chimodzi mwa zipangizo zodula kwambiri m'ampulifayamo.

Ampulifaya ya mathiranzisita

Maampulifaya ambiri a masiku ano, kuphatikizapo a gitala la besi ndi okuzira mawu a oimba, ndi a mathiranzisita, ndipo alibe thiransifoma ya kumasipika. Kumbuyo kwake kumalembedwa nambala yotsikitsitsa imene angapirire, kawirikawiri ma ohm 4. Bokosi la ma ohm ofanana ndi nambalayi limatulutsa mphamvu yonse. La ma ohm ochuluka silivulaza chilichonse, limangochepetsa mphamvu: ampulifaya yopereka ma watt 100 pa ma ohm 4 imapereka ma watt oposa 50 pang'ono pa ma ohm 8. Kwa khutu kusiyana kumeneku n'kochepa, chifukwa kuchepetsa mphamvu ndi theka kumatsitsa mawu ndi ma decibel 3 okha. Maampulifaya ambiri a mtunduwu sawonongeka akayatsidwa popanda sipika.

Ngozi ili mbali inayo. Ma ohm akatsika kupitirira malire, mathiranzisita amakoka magetsi ochuluka kuposa amene angathe kunyamula, amatentha, ndipo ampulifaya imadzizimitsa, imadula fyuzi, kapena imapsa. Pa maampulifaya a mbali ziwiri amene amatha kuphatikizidwa kukhala mbali imodzi, njira yotchedwa bridge, malire amawirikiza: ngati mbali iliyonse imapirira ma ohm 4, ziwirizo zikaphatikizidwa zimafuna ma ohm osachepera 8.

Kuwerengera masipika angapo

Pali njira ziwiri zolumikizira masipika. Yoyamba, imene amisiri amaitcha series, ndi yotsatizana: waya wochoka pa − ya sipika yoyamba umalowa pa + ya yachiwiri. Apa ma ohm amaphatikizidwa, moti masipika awiri a ma ohm 8 amapanga 16.

Yachiwiri, yotchedwa parallel, ndi ya mbali ndi mbali: ma + onse amalumikizidwa pamodzi, ma − onse pamodzi. Masipika akakhala ofanana, ma ohm a sipika imodzi amagawidwa ndi chiwerengero cha masipikawo. Awiri a ma ohm 8 amapanga 4, atatu amapanga 2.67, anayi amapanga 2. Akakhala awiri osiyana, manambala awo amachulukitsidwa, zotsatira n'kugawidwa ndi manambala omwewo ataphatikizidwa. Sipika ya 8 ndi ya 16 zimapanga 128 kugawa ndi 24, amene ndi ma ohm 5.33, ndipo ya 8 imalandira magawo awiri mwa atatu a mphamvu yonse.

Njira ziwirizi zingaphatikizidwe. Masipika anayi ofanana akamangidwa awiriawiri motsatizana, magulu awiriwo n'kulumikizidwa mbali ndi mbali, bokosi lonse limakhala ndi ma ohm a sipika imodzi. Umu ndi mmene amamangidwira mabokosi ambiri a masipika anayi a mainchesi 12, amene anatchuka ndi kampani ya Marshall imene Jim Marshall anayambitsa ku London mu 1962: masipika anayi a ma ohm 16 amapanga bokosi la ma ohm 16.

Malo awiri olowetsapo nthambo kumbuyo kwa ampulifaya kapena kwa bokosi nthawi zambiri amakhala olumikizidwa mbali ndi mbali. Ndiye kuti bokosi lililonse lowonjezera limatsitsa ma ohm, ngakhale nthambo zikuoneka ngati zikutsatizana.

Ku Balaka ndi ku Machinga

Balaka, imene inali mbali ya boma la Machinga mpaka mu 1998, ndi amodzi mwa malo odziwika kwambiri pa nyimbo za magitala amagetsi m'Malawi. Gulu la Alleluya Band linayamba kumeneko mu 1978 mothandizidwa ndi wansembe wa ku Italy, Bambo Mario Pacifici, ndipo Paul Banda anali mmodzi mwa oliyambitsa. Mng'ono wake, Lucius Banda, amene anamwalira mu June 2024, anayambira kuimba m'gululi asanayambitse Zembani Band. Kaimbidwe kawo, kotsamira pa reggae, kanafala m'dziko lonse.

Kunja kwa magulu akuluakulu otere, zida zokuzira mawu zimagwira ntchito m'matchalitchi, m'maukwati, m'zinkhoswe ndi m'misonkhano, m'matauni ndi m'misika monga Liwonde, Ntaja, Nsanama, Ulongwe ndi Phalula. Zida zambiri zimasonkhanitsidwa pang'onopang'ono: ampulifaya yogulidwa kwa munthu wina, bokosi lokhomedwa ndi kalipentala, masipika ogulidwa padera. Bokosi lotere silikhala ndi chikwangwani chonena ma ohm ake. Masipika a m'galimoto, amene ena amaika m'mabokosi, ambiri ndi a ma ohm 4, moti awiri olumikizidwa mbali ndi mbali amafika pa ma ohm 2. Sipika imene inapsa n'kukulungidwanso koyilo ingathenso kusintha ma ohm ngati waya watsopano ndi wosiyana kunenepa kapena kutalika ndi woyamba uja, ndipo zikatero nambala yolembedwa pa maginito siikhalanso yodalirika.

Vuto lodziwika limabwera pa zochitika za pabwalo. Gulu lili ndi ampulifaya ya mathiranzisita ya malire a ma ohm 4 ndi mabokosi awiri a ma ohm 8, zimene zimagwirizana bwino. Poona kuti anthu achuluka, limabwereka bokosi lachitatu la ma ohm 8 n'kulilowetsa kumbuyo kwa lachiwiri. Ma ohm amatsika kufika pa 2.67, ndipo pa ma volt 20 ampulifaya imene imayenera kupereka ma ampere 5 imakakamizidwa kupereka 7.5. Poyesa zida masana mawu ali otsika zonse zimaoneka bwino; vuto limaonekera mawu akakwezedwa kwa nthawi yaitali. M'madera otsika a m'mbali mwa mtsinje wa Shire, monga ku Liwonde, kutentha kwa October ndi November kumafulumizitsa zimenezi, chifukwa mpweya wozizitsa ampulifaya umakhala wotentha kale. Njira zopewera ndi kusiya bokosi lachitatulo, kulipatsa ampulifaya yakeyake, kapena kupeza lachinayi n'kumanga onse awiriawiri kuti apange ma ohm 8.

Kuyeza bokosi

Bokosi losadziwika limayezedwa ndi mita ya magetsi itaikidwa pa chizindikiro cha Ω, bokosilo litachotsedwa ku ampulifaya. Mita imayeza ndi magetsi a batire osasinthasintha, choncho imaonetsa nambala yotsikirapo kuposa impedance. Bokosi la ma ohm 4 limaonetsa pafupifupi 3, la 8 limaonetsa pakati pa 5 ndi 7, la 16 limaonetsa pakati pa 11 ndi 14. Mita ikapanda kuonetsa nambala, waya kapena koyilo yaduka. Ikaonetsa nambala yoyandikira 0, mawaya akhudzana, ndipo bokosilo siliyenera kulumikizidwa.

Batire la tochi la ma volt 1.5 limathandiza kudziwa ngati masipika akuyendera limodzi. Likagunditsidwa mwachidule, + ku +, mapepala onse ayenera kutulukira kutsogolo. Sipika imodzi ikabwerera m'mbuyo, mawaya ake atembenuzidwa. Ma ohm sasintha, koma mawu otsika amafooka chifukwa masipika akulimbana.

Nthambo ndi ma watt

Nthambo ya gitala ndi ya sipika zimafanana mitu koma n'zosiyana m'kati. Ya gitala ili ndi waya umodzi wopyapyala wokutidwa ndi ukonde wotchinga phokoso, ndipo inapangidwira magetsi ochepa kwambiri. Ikaikidwa pakati pa ampulifaya ndi bokosi imatentha ndipo ingathe kuduka kapena kusungunuka, zimene zimasiya ampulifaya ya mavalavu yopanda sipika, kapena kukhudzanitsa mawaya a ya mathiranzisita. Nthambo ya sipika ili ndi mawaya awiri onenepa. Utali nawonso uli ndi mtengo wake: nthambo ya kopa ya mamita 20, ya waya wa 1.5 mm², imawonjezera pafupifupi theka la ohm, ndipo pa bokosi la ma ohm 4 imadya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a mphamvu.

Ma watt ndi nkhani yosiyana ndi ma ohm. Ma ohm amanena kuchuluka kwa magetsi amene bokosi limakoka, pamene ma watt olembedwa pa sipika amanena mphamvu imene ingapirire isanapse. Pa gitala, bokosi liyenera kupirira ma watt ofanana kapena oposa a ampulifaya, chifukwa oimba gitala amakonda kukweza mawu mpaka kukhadzula, ndipo mawu otero amatenthetsa koyilo kwambiri. M'bokosi la masipika a ma ohm ofanana mphamvu imagawidwa mofanana, choncho malire a bokosi lonse amapezeka pochulukitsa ma watt a sipika yofooka koposa ndi chiwerengero cha masipikawo.