MBIRI YA DOTOLO FRANCIS SUMNER

Anthu ambiri akamva dzina lakuti Dotolo amaganiza za munthu wa cobvala coyera wa m'cipatala, amene amapima odwala ndi kuwalembera mankhwala. Koma kulinso madotolo ena amene sagwira nsingano kapena mpeni. Amenewa ndi anthu amene anatsata nzeru ya mtundu umodzi kufikira kumapeto kwace, napeza cinthu catsopano cimene anzao sanacidziwe, ndipo yunivesiti inawapatsa digiri yoposa zonse, imene imalembedwa mwacidule kuti Ph.D. Nkhani ino ndi ya Francis Cecil Sumner, munthu wakuda woyamba m'dziko la Amereka kulandira digiri yotere m'maphunziro a saikoloji.

Saikoloji ndiyo nzeru yofufuza maganizo ndi makhalidwe a munthu: m'mene mwana amaphunzirira, cifukwa cace munthu amaiwala kapena kukumbukira, ndi cimene cimabala mantha ndi mkwiyo mumtima. Pamene Sumner anabadwa nzeru imeneyi inali ikali yatsopano, pakuti nyumba yoyamba yoyeseramo zinthu zotere inatsegulidwa ndi Wilhelm Wundt mu mzinda wa Leipzig, ku Jeremani, m'caka ca 1879.

Sumner anabadwa pa 7 December, 1895, m'tauni ya Pine Bluff, m'cigawo ca Arkansas, kum'mwera kwa Amereka. Panali patapita zaka 30 zokha cithere ukapolo m'dzikomo. Mwanayo asanathe caka cimodzi, mu 1896, Bwalo Lalikuru la Milandu la ku Amereka linaweruza kuti sikulakwa kulekanitsa anthu akuda ndi Azungu m'malo a anthu onse, malinga mbali zonse ziwiri zilandire zofanana. Ciweruzoco cinali ca mlandu wa m'sitima ya pamtunda, koma cinalimbitsa tsankho m'masukulu momwe. Kufananako kunathera pa pepala. Masukulu a ana akuda anali ocepa, osowa mabuku ndi aphunzitsi, ndipo m'madera ambiri sukulu ya sekondale ya ana akuda kunalibe konse.

Mnyamatayo anaphunzira makalasi oyamba ku Norfolk ndi ku Plainfield, kumene makolo ace anasamukira, koma ku sekondale sanapiteko. Atate wace, a David Sumner, anali munthu wodziphunzitsa yekha, ndipo poona kuti masukulu amene analipo sangampindulitse mwana wao, anamphunzitsa okha pakhomo. Anali kumfunira mabuku akale, nampatsa zowerenga ndi zolemba tsiku ndi tsiku.

M'caka ca 1911, ali ndi zaka 15, Francis anapempha malo ku Lincoln University, sukulu yaikuru ya anthu akuda ya m'cigawo ca Pennsylvania, imene inayamba mu 1854. Ndiyo sukulu imene pambuyo pace anaphunzirako Nnamdi Azikiwe wa ku Nigeria ndi Kwame Nkrumah wa ku Ghana.  Popeza analibe setifiketi, akuru a sukulu anamuikira mayeso olemba, ndipo anapambana. Mu 1915, asanakwanitse zaka 20, anatsiriza digiri yace yoyamba ndi ulemu waukuru, atacita bwino koposa m'Cingelezi, Cigiriki, Cilatini ndi zinenero zina.

Kucokera kumeneko anapita ku Clark University, mu mzinda wa Worcester, m'cigawo ca Massachusetts, nalandira digiri yaciwiri m'Cingelezi mu 1916. Masiku amenewo mtima wace unali pa kulemba mabuku a nthano, koma osindikiza anali kumbwezera zolemba zace. Ku Clark ndi kumene anakomana ndi G. Stanley Hall, mkuru wa yunivesitiyo, mmodzi wa makolo a saikoloji ku Amereka. Hall ndiye anali mtsogoleri woyamba wa bungwe la akatswiri a saikoloji la m'dzikomo mu 1892, ndiponso ndiye anaitana Sigmund Freud wa ku Vienna kudzalankhula ku Clark mu 1909. Sumner anabwerera ku Lincoln, kumene anali kuphunzitsa Cijeremani ndi saikoloji uku akuphunzira, ndipo mu 1917 analandira digiri ya M.A.

Tsopano kunatsala khomo lotsiriza, ndilo la udotolo, ndipo khomo limeneli silitseguka ndi mayeso okha. Wofuna kulowa amayenera kulemba kalata yofotokoza cimene afuna kufufuza, kuonetsa zimene anacita m'madigiri ace oyamba, ndi kupeza aphunzitsi omcitira umboni. Masiku amenewo anali kufunikanso kudziwa kuwerenga Cijeremani ndi Cifalansa, pakuti mabuku ambiri a nzeru anali m'zinenero zimenezo. Kuposa zonsezi, pamafunika mphunzitsi wamkuru mmodzi wobvomera kumtenga wophunzirayo ndi kumyang'anira zaka zingapo, monga mmisiri amatenga mnyamata kuti amphunzitse nchito. Ngati palibe wobvomera, munthu amatsala panja ngakhale akhale wanzeru cotani. Panalinso bvuto la ndalama, cifukwa mwana wa munthu wosauka sakanatha kukhala zaka popanda malipiro ngati yunivesiti siinampatse thandizo.

Sumner anali nazo zonse zofunika pa pepala, koma makalata amene anatumiza ku mayunivesiti ena sanabwere ndi yankho lokoma. Pamenepo analembera ku Clark, napempha kuti aphunzire saikoloji pansi pa Hall. Codabwitsa ndi cakuti Hall yemweyo, m'buku lace lalikuru lochedwa Adolescence, la mu 1904, analemba za anthu a mu Afrika ndi mitundu ina monga ngati ana osakhwima. Komabe pamene mnyamata wakuda anaima pakhomo pace ndi nzeru zooneka ndi maso, nkhalambayo siinamkane. Mu 1917 Sumner analandiridwa, napatsidwanso thandizo la ndalama.

Asanapite patali, panagwa mlandu umene ukanamtsekera khomolo. Amereka anali atalowa m'Nkhondo Yoyamba ya Dziko Lonse mu April 1917, ndipo manyuzipepala anali odzala ndi nkhani za nkhanza za Ajeremani. Mu 1918 Sumner analembera nyuzipepala ya mu Worcester makalata okumbutsa kuti m'dziko la Amereka momwemo anthu akuda anali kuphedwa ndi magulu a anthu popanda kuzengedwa mlandu, ndi kuti dziko locita zotere liyenera kudziyang'ana lokha lisanaloze cala anzace. Anthu a mu mzindamo anapsa mtima kwambiri, namnena kuti ndi mdani wa dziko lace. Sumner analemba kalata yopepesa, ndipo Hall sanamcotse pa sukulu.

Caka comweco anaitanidwa ku usilikari. Anaphunzira za nkhondo ku Camp Meade, m'cigawo ca Maryland, nakhala sajeni, ndipo anatumizidwa ku Falansa ndi gulu lochedwa 808th Pioneer Infantry. Asilikari akuda ambiri sanali kupatsidwa mfuti kuti amenye nkhondo, koma fosholo ndi piki, kuti akonze miseu ndi njanji ndi kusenza katundu. Motero munthu wa madigiri atatu, wodziwa kuwerenga Cigiriki ndi Cijeremani, anakhala pakati pa anchito a thukuta kufikira mu 1919.

M'zaka zomwezo saikoloji inali kugwira nchito ina m'misasa ya asilikari. Akatswiri otsogozedwa ndi Robert Yerkes anayesa nzeru za asilikari pafupifupi 1,750,000 ndi mafunso a pa pepala. Asilikari akuda, amene ambiri a iwo anamanidwa sukulu, anapeza mamalikisi ocepa, ndipo mu 1923 Carl Brigham anasindikiza buku lonena kuti zimenezi zionetsa kuti mitundu ina ya anthu imabadwa ndi nzeru zocepa. Brigham anadzabweza mau ace mu 1930, nabvomera kuti mayesowo sakanatha kutsimikiza cinthu cotero, koma bodzalo linali litafalikira kale. Apa ndi pamene paoneka kulemera kwa kalata ya Sumner. Nzeru imene iye anapempha kuiphunzira ndiyo imene inali kupima anthu a mtundu wace ndi kuwaweruza, ndipo pakati pa opimawo panalibe dotolo wakuda ndi mmodzi yemwe.

Atabwerako ku nkhondo anabwerera ku Clark, nalemba buku lace la udotolo, lofananitsa ziphunzitso za Sigmund Freud ndi za Alfred Adler, madotolo awiri a ku Vienna amene anayamba pamodzi koma anadzapatukana pa funso la cimene cimaumba khalidwe la munthu. Pa 11 June, 1920, anaima pamaso pa akuru a yunivesiti nayankha mafunso ao pakamwa, ndipo pa 14 June analandira digiri yace, ali ndi zaka 24. Anali wophunzira wotsiriza wa Hall kulandira udotolo, pakuti nkhalambayo inapuma pa nchito caka comweco. Akuru akale anati tsokonombwe anatha mtunda ndi kudumpha, ndipo ulendo wocokera pa tebulo la atate wace kufikira tsiku limenelo unatenga zaka 9.

Digiriyo siinathetse tsankho. Mayunivesiti a Azungu sanali kulemba nchito aphunzitsi akuda, kotero Dotolo Sumner anayamba kuphunzitsa ku Wilberforce, m'cigawo ca Ohio, kumene Hastings Banda wa ku Nyasaland anadzafika kudzaphunzira mu 1925. Kuyambira mu 1921 kufikira mu 1928 anali ku West Virginia Collegiate Institute. Kumeneko analemba nkhani zonena kuti anthu akuda ambiri ayambe aphunzira zaulimi ndi zaumisiri, ndi kuti maphunziro apamwamba akhale a owerengeka. Mau amenewa anakhumudwitsa anthu a mtundu wace, ndipo olemba mbiri ena amaganiza kuti analemba cotero pofuna kukondweretsa Azungu amene anali kupereka ndalama ku masukulu a anthu akuda. Cimene cidziwika bwino ndi cakuti nchito ya moyo wace inayenda njira ina.

Mu 1928 anaitanidwa ku Howard University, mu mzinda wa Washington, kukatsogolera maphunziro a saikoloji, ndipo anakhala pa udindowo zaka zoposa 25. Anali munthu wofatsa, wosakonda kuonekera, koma wolimbika pa mabuku. Anawerenga ndi kufupikitsa m'Cingelezi nkhani za akatswiri zoposa 3,000 zolembedwa m'Cijeremani, Cifalansa ndi Cisipanishi, kuti anzace a ku Amereka adziwe zimene maiko ena anali kupeza. Koma nchito yace yaikuru inali kukonzekeretsa anyamata ndi atsikana akuda kuti nawonso akagogode pa khomo limene iye analowera.

Mmodzi wa iwo anali Kenneth Clark, mnyamata wokulira ku Harlem, mu New York, amene anafika ku Howard ndi colinga cokhala dotolo wa cipatala, koma atamva maphunziro a Sumner anasintha maganizo. Mtsikana wina, Mamie Phipps wa ku Hot Springs, m'cigawo ca Arkansas, anayamba ndi masamu, nayenso nasamukira ku saikoloji. Awiriwa anakwatirana, napempha malo a udotolo ku Columbia University. Kenneth analandira digiri yace mu 1940 ndipo Mamie mu 1943, ndiwo anali mwamuna wakuda woyamba ndi mkazi wakuda woyamba kulandira udotolo wa saikoloji pa yunivesiti imeneyo.

Banja la a Clark linacita kafukufuku amene anamveka dziko lonse. Anatenga zidole zinai zofanana m'zonse kupatula khungu ndi tsitsi, ziwiri zoyera ndi ziwiri zakuda, naziika pamaso pa ana akuda 253 a zaka zoyambira 3 kufikira 7. Ena mwa anawo anali a ku Pine Bluff, kumene Sumner anabadwira. Mwana ali yense anafunsidwa kuti aloze cidole cimene afuna kusewera naco, cimene ciri cabwino, ndi cimene cioneka coipa. Pafupifupi ana awiri mwa atatu ali onse anasankha kusewera ndi cidole coyera, ndipo oposa theka analoza cakuda kuti ndico coipa. Zotsatira zace zinasindikizidwa mu 1947, ndipo zinaonetsa kuti tsankho limalowa mumtima wa mwana akali wamng'ono, nkumphunzitsa kudzipeputsa yekha.

Pamene makolo akuda anasumira maboma a zigawo zao cifukwa ca masukulu olekanitsa ana, wowaimira pa mlandu, Thurgood Marshall, amene nayenso anaphunzira ku Lincoln ndi ku Howard, anaitana Kenneth Clark kuti akacite umboni. Pa 17 May, 1954, oweruza onse 9 a Bwalo Lalikuru anagwirizana kuti kulekanitsa ana m'masukulu a boma cifukwa ca khungu ndi kuswa malamulo a dziko, ndipo m'ciweruzo cao anachula zolemba za Clark pakati pa maumboni ao.

Sumner sanalione tsiku limenelo. Mu January 1954, miyezi inai ciweruzoco cisanaperekedwe, anagwa ndi nthenda ya mtima pamene anali kucotsa cipale cofewa ndi fosholo pakhomo pace mu Washington, namwalira ali ndi zaka 58. Moyo wace unayamba caka cimodzi Bwalo Lalikuru lisanabvomereze tsankho, ndipo unatha caka cimene bwalo lomwelo linalikana m'masukulu.

Pali mwambi wakuti kupatsa ndi kuika. Atate wosapita ku sukulu yaikuru anaika nzeru mwa mwana wao. Hall, ngakhale anali ndi maganizo ace okhota, anayankha kalata imene ena anaikana. Ndipo Sumner atalowa sanatseke citseko kumbuyo kwace. Mu 1971 wophunzira wace Kenneth Clark anali mtsogoleri wa bungwe lija la akatswiri a saikoloji a ku Amereka, munthu wakuda woyamba kukhala pa mpando umene G. Stanley Hall anayamba kukhalapo mu 1892.