Masukulu a Anthu Olemera: Anayamba Bwanji?

Kuno ku Malowera, ana athu amaphunzira ku sukulu ya boma. Koma mwina munamvapo za masukulu ena a m'mizinda, kumene kholo limalipira ndalama zambiri kuti mwana alowe. Amenewa ndi masukulu apulaiveti, ndiko kunena kuti si a boma. Ena ndi odula kwambiri, moti mlimi atagulitsa cimanga conse ca m'nkhokwe, ndalama zake sizingakwane.

Cimene cimandidabwitsa ine n'cakuti ena mwa masukulu amenewa anayamba ndi ana a anthu osauka.

Ku England kuli sukulu yochuka yochedwa Eton. Mfumu Henry VI inaiyambitsa mu 1440 kuti anyamata 70 osauka aziphunzira ulere. Patapita zaka, mabanja olemera anayamba kutumizako ana awo ndi kumalipira. Lero ambiri ophunzira kumeneko ndi ana a anthu acuma, ndipo nduna zazikulu zambiri za dziko la Britain zinadzera pa Eton.

Kwa anansi athu a ku Malawi zinayendanso cimodzimodzi. Mu 1981, Dr Hastings Kamuzu Banda anatsegula Kamuzu Academy ku Mtunthama, m'boma la Kasungu. Anaimanga pafupi ndi mtengo wa kacere pamene iye anaphunzirira zilembo zoyamba ali mwana, zilembo zomwezi zimene inu mwaphunzira muli akulu. Anthu ankaicha "Eton ya mu Africa". Ana anzeru kwambiri ankasankhidwa m'boma lililonse, ndipo makolo sankalipira. Mwana wa mlimi ankaphunzira Cilatini ndi Cigiriki! Koma aphunzitsi anali azungu, cifukwa ndi zimene Kamuzu ankafuna. Iye atacoka pampando mu 1994, thandizo linacepa, ndipo sukulu inayamba kudalira ndalama za makolo.

Nanga kwathu kuno ku Moçambique? Pa nthawi ya Apwitikizi, sukulu zabwino zinali m'mizinda, makamaka za ana a atsamunda. Ana a kumudzi ankangophunzira pang'ono ku misoni. Pa 24 Julayi 1975, Samora Machel analengeza kuti masukulu onse akhale m'manja mwa boma, ndipo olipiritsa anatha. Mu 1990 lamulo linawalolanso. Lero mudzawapeza ku Maputo, ku Beira ndi mumzinda wa Tete, kumene kuli makolo a malipiro a pamwezi. Kuno kwathu, kumene ndalama imabwera pokolola, masukulu otere safika kawirikawiri.