Spin ya tinthu ta mu atomu

Spin ndi chikhalidwe chachibadwa cha tinthu ting'onoting'ono topanga atomu, monga elekitironi, pulotoni ndi nyutironi. Dzinali ndi mawu a Chingerezi otanthauza kupota, ngati momwe nguli imapotera. Kanthu kokhala ndi spin kamakhala ndi mphamvu ya kuzungulira imene asayansi ya fizikisi amaitcha angular momentum, ndipo tambiri mwa tinthuti timachita ngati timaginito tokhala ndi mbali ziwiri, ya kumpoto ndi ya kum'mwera. Nguli ikapota imatopa n'kugwa, koma spin ya elekitironi sichepa ndipo palibe njira yoiwonjezera. Chimene chingasinthe ndi kumene yaloza basi.

Spin imayezedwa ndi muyezo wochokera ku nambala ya Planck, wolembedwa ħ, ndipo imapezeka m'masitepe a theka: 0, 1/2, 1, 3/2, 2. Elekitironi, pulotoni, nyutironi, quark ndi neutrino zili ndi spin ya 1/2. Fotoni, kanthu kamene kamanyamula kuwala, ili ndi 1. Higgs boson, imene inapezeka ku CERN mu 2012, ili ndi 0.

Mbiri

Mu February 1922, ku Frankfurt m'dziko la Germany, Otto Stern ndi Walther Gerlach anatenthetsa siliva m'ng'anjo mpaka maatomu ake anayamba kutuluka pa kabowo. Anawadutsitsa pakati pa maginito amene mphamvu yake inali yaikulu mbali imodzi kuposa inzake, n'kuwatchinga ndi galasi. Zikanakhala kuti timaginito ta maatomuwo tingaloze kulikonse, pagalasipo pakanaoneka chidindo chimodzi chotambasuka. Panaoneka mizere iwiri yolekana, pakati pake popanda kanthu. Awiriwa anaganiza kuti atsimikizira chiphunzitso cha Niels Bohr cha njira zimene maelekitironi amayenda mu atomu. Panapita zaka zingapo kuti zidziwike kuti atomu ya siliva, pa maelekitironi ake 47, ili ndi imodzi yakunja yopanda mnzake, ndipo spin ya imeneyo ndi imene inagawa mtsinje wa maatomuwo pawiri.

Chakumapeto kwa 1924 Wolfgang Pauli anaona kuti kuwala kotuluka m'maatomu kungamveke bwino ngati elekitironi ili ndi chikhalidwe china chokhala ndi mbali ziwiri zokha, koma sananene kuti chikhalidwecho n'chiyani. Kumayambiriro kwa 1925 mnyamata wina, Ralph Kronig, anaganiza kuti elekitironi imapota. Pauli anatsutsa, ndipo Kronig sanasindikize ganizo lakelo. Chaka chomwecho George Uhlenbeck ndi Samuel Goudsmit, ophunzira a Paul Ehrenfest ku Leiden m'dziko la Netherlands, anafika pa ganizo lomwelo paokha. Hendrik Lorentz atawerengera anawaonetsa vuto lalikulu: kampira kakang'ono chotero, kuti kakhale ndi mphamvu ya kuzungulira yochuluka chomwecho, kunja kwake kayenera kuthamanga kuposa kuwala, zimene sizitheka. Uhlenbeck anafuna kubweza pepala lawo, koma Ehrenfest anali atalitumiza kale kwa osindikiza. Ndi chifukwa chake mabuku ambiri amatchula awiriwa monga otulukira spin, Kronig n'kumangotchulidwa mwa apo ndi apo.

Mu 1928 Paul Dirac analemba masamu a elekitironi ogwirizana ndi chiphunzitso cha Einstein cha relativity, ndipo spin ya 1/2 inatulukamo yokha, popanda kuiikamo dala. Masamu omwewo ananeneratu za positron, mnzake wa elekitironi wokhala ndi chaji yosiyana, amene Carl Anderson anamupeza mu 1932.

Kodi kanthuko kamapotadi?

Dzina lakuti spin limasokeretsa ophunzira ambiri. Mpaka lero palibe chida chimene chapeza kukula kwa elekitironi, ndipo m'masamu imatengedwa ngati kadontho kopanda m'mbali. Chopanda m'mbali sichingapote monga mpira umapotera. Komabe mphamvu ya kuzungulirayo ndi yeniyeni: maelekitironi a m'kachitsulo kolendewera pa ulusi akatembenuzidwa onse pamodzi ndi maginito, kachitsuloko kamayamba kuzungulira. Albert Einstein ndi Wander de Haas anaonetsa zimenezi mu 1915, spin isanadziwike n'komwe.

Chodabwitsa china chili pa kuyeza. Spin ya elekitironi ikayezedwa choimirira, yankho limakhala "m'mwamba" kapena "pansi". Ikayezedwa chopingasa, limakhala "kumanzere" kapena "kumanja". Tiyerekeze kuti tasankha maatomu okhawo amene apereka yankho la m'mwamba, kenako tawayeza chopingasa n'kutengapo a kumanja okha. Tikawayezanso choimirira, theka limatuluka m'mwamba, theka pansi, ngakhale kuti a pansi tinawachotsa kale. Kuyeza kwachiwiri kwafafaniza zimene kuyeza koyamba kunapeza. Chilengedwe sichilola kuti mbali ziwirizi zidziwike nthawi imodzi.

Palinso nkhani ya madigiri 720. Mpando ukautembenuza madigiri 360 umabwerera momwe unalili. Kanthu ka spin ya 1/2 kakatembenuzidwa madigiri 360, masamu ofotokoza mkhalidwe wake amasintha chizindikiro, pulasi n'kukhala mayinasi, ndipo kamafunika kuzunguliranso kachiwiri kuti kabwerere mwakale. Zikumveka ngati masewera a papepala, koma mu 1975 magulu awiri a asayansi anazitsimikizira pogawa mtsinje wa manyutironi pawiri, kutembenuza gawo limodzi ndi maginito, n'kuwaphatikizanso.

Fermion ndi boson

Spin imagawa tinthu tonse m'mabanja awiri. Ta spin ya theka, monga 1/2 ndi 3/2, timatchedwa fermion, dzina lochokera kwa Enrico Fermi wa ku Italy. Ta nambala yathunthu timatchedwa boson, polemekeza Satyendra Nath Bose wa ku India. Ma fermion awiri a mtundu umodzi sangakhale mu mkhalidwe wofanana ndendende, ndipo limeneli ndi lamulo la Pauli la mu 1925. Chifukwa cha lamuloli, malo amodzi mu atomu amalandira maelekitironi awiri okha, wina wa spin ya m'mwamba wina wa pansi, ndipo otsalawo amakakhala kunja. Kusanjika kumeneku ndi kumene kumasiyanitsa kaboni ndi okosijeni, ndiponso kumene kumapanga tebulo la maelementi limene ophunzira amaloweza mu kemisitire. Ma boson alibe lamulo lotere. Amatha kuunjikana ambirimbiri mu mkhalidwe umodzi, monga mafotoni amachitira mu laser. Markus Fierz mu 1939 ndi Pauli mu 1940 anaonetsa ndi masamu kuti kugawikana kumeneku kumachokera mu relativity ndi malamulo a quantum.

Ntchito zake

Maginito a chitsulo amakoka chifukwa spin ya maelekitironi ambiri yaloza mbali imodzi. Makina a MRI a m'zipatala amagwiritsa ntchito spin ya mapulotoni a haidrojeni amene ali m'madzi ndi m'mafuta a m'thupi. Mu 1988 Albert Fert ndi Peter Grünberg anapeza kuti magetsi amadutsa mosiyana m'zitsulo zopyapyala zosanjikizana malinga ndi kumene spin yaloza. Zimenezi zinathandiza kuti ma hard disk a kompyuta azisunga zinthu zambiri, ndipo awiriwa analandira mphoto ya Nobel mu 2007.

Mafunso amene akufufuzidwabe

Funso limodzi ndi la pulotoni. Pulotoni imapangidwa ndi ma quark atatu, awiri a mtundu wa up ndi imodzi ya down. Kuwerengera kophweka kunali kwakuti awiri aloza mbali imodzi, wachitatu mbali ina, zotsala n'kukhala 1/2. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 gulu la European Muon Collaboration ku CERN linawombera ma muon pa mapulotoni ndipo linapeza kuti spin ya ma quark imangopereka kagawo kochepa kwambiri. Kuyeza kwa pambuyo pake kunakweza kagawoko kufika pafupifupi 30 peresenti. Nanga zotsalazo zili kuti? Makina a RHIC ku Brookhaven, m'dziko la United States, anaonetsa kuti ma gluon, tinthu timene timamanga ma quark pamodzi, amaperekanso gawo lawo. Gawo lina liyenera kuchokera ku kuyendayenda kwa ma quark ndi ma gluon mkati mwa pulotoni, ndipo limeneli ndi lovuta kuyeza. Makina atsopano otchedwa Electron-Ion Collider, amene mu 2020 anasankhidwa kuti amangidwe ku Brookhaven komweko, akukonzedwa kuti ayankhe funsoli pamodzi ndi ena.

Lina ndi la muon, kanthu kofanana ndi elekitironi koma kolemera kuwirikiza pafupifupi ka 207, kamene kamakhala moyo pafupifupi ma microsecond 2.2. Mphamvu ya kamaginito ka spin imalembedwa ndi nambala yotchedwa g. Masamu a Dirac amati g ndi 2 ndendende, koma mu 1948 Julian Schwinger anawerengera kuti pa elekitironi ndi pafupifupi 2.0023, chifukwa cha tinthu timene timatuluka n'kuzimiririka mozungulira. Muon, pokhala yolemera, imakhudzidwa kwambiri ndi tinthu totere, ngakhale tosadziwika. Kuyeza kwa ku Brookhaven kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 kunasiyana pang'ono ndi zowerengera. Mu 2013 maginito ozungulira ngati mphete, otambalala pafupifupi mamita 15, anasamutsidwa pamadzi ndi pamsewu kupita ku Fermilab pafupi ndi Chicago, ndipo mu April 2021 zotsatira za kumeneko zinagwirizana ndi za ku Brookhaven. Manyuzipepala anafulumira kulengeza za mphamvu yatsopano ya m'chilengedwe, mwina mopupuluma. Tsiku lomwelo gulu lina linasindikiza kuwerengera kwa pa makompyuta akuluakulu, kotchedwa lattice QCD, kumene kunayandikira zimene anayeza. Pofika mu 2025, Fermilab itatulutsa zotsatira zake zomaliza, mkangano waukulu unali utasamukira pakati pa njira ziwiri zowerengera: ya makompyuta, ndi ina yodalira kuyeza kugundana kwa maelekitironi ndi ma positron.

Neutrino nayo ili ndi chake. Mu 1958 Maurice Goldhaber ndi anzake awiri anapeza kuti spin ya neutrino imaloza kumbuyo, mosiyana ndi kumene ikupita, ndipo asayansi amati ndi yamanzere. Neutrino yamanja sinaonekepo m'chida chilichonse. Kuchokera mu 1998, pamene Super-Kamiokande ku Japan inaonetsa kuti ma neutrino amasintha mtundu ali paulendo ndipo motero ali ndi kulemera pang'ono, asayansi ambiri akuganiza kuti yamanjayo ingakhalepo, mwina yolemera kwambiri moti makina a masiku ano sangaipange.